Za mnzako wa ku Guntur uja

Migowi, Phalombe
8 Disembala 2024

Wokondedwa mwananga,

Uthenga wako wamawu wa Lachinayi uja ndaumvetsera katatu. Koyamba ndinali pachigayo, moti phokoso linandilanda mawu ena. Kachiwiri tinamvera limodzi ndi bambo ako pakhonde, ndipo utatha iwo anangoti, "Muyankheni ndinu, ine ndikayankha ndimulalatira." Kachitatu ndinamvera ndekha usiku anthu atagona. Ndasankha kulemba chifukwa ndikakuimbira umandidula pakamwa ndi "ndamva amayi, ndamva" ndisanafike n'komwe pamene ndikupita. Mlongo wako ajambula mapepalawa akutumizire pa WhatsApp, ndipo uwerenge onse, ngakhale amene akupinga.

Kuno tadzuka. Chimanga tadzala, nandolo taponya m'mizere monga mwa chaka ndi chaka, tikungoyang'ana kumwamba. Mafuta agalimoto akusowabe, moti ulendo wa ku Limbe tsopano ndi wokonzekera ngati ukwati. Mwendo wa bambo ako ukupezako bwino.

Wati ukufuna kusamuka m'fulatimo mwezi wa Januwale chifukwa mnzako wokhala nayeyo wakukwana. Ndalemba zimene wamudandaula kuti ndisamunamizire. Amaimba foni 6 koloko m'mawa mokweza. Amaphika pakati pa usiku ndi poto wake wolira mluzu uja. Jekete lako likununkha zokometsera zake. Amazimitsa hita. Anakwiya utakazingira nyama yang'ombe m'chiwaya chake. Ndipo masabata awiri apitawa wakhala akukuwa yekha pabalaza usiku poonera kiriketi. Zonsezi ndazimva, ndipo zina mwa izo ukunena zoona. Koma pomaliza unati, "Amwenye ndi choncho amayi, inu mukuwadziwa." Mawu amenewa ndiwo andikhazika patebulo pano, chifukwa ndikudziwa kumene unawatola. Unawatola pakamwa panga.

Tiyambe ndi foni ya m'mawa, poti masamu ndinaphunzitsa zaka zambiri. Miyezi ino Glasgow, kumene uliko, ili m'mbuyo mwathu ndi maola awiri, pamene India ili patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka. Ukaphatikiza, pakati pa mnyamatayo ndi mayi ake pali maola asanu ndi theka. Unandiuza wekha kuti masana amakhala m'kalasi, ndipo masiku anayi pa sabata akaweruka amathamangira kuganyu wake wotsuka mbale kumalo odyera, n'kufika pakhomo 11 koloko usiku. Nthawi imeneyo kwawo ku Guntur imakhala hafu pasiti folo m'bandakucha. Afuna adzutse mayi ake tambala asanalire? Ikamakwana 6 koloko m'mawa kwanuko, kwawo ndi hafu pasiti leveni, mayiyo wamaliza za m'mawa, mphika wa masana uli pamoto. Mpata wawo ndi womwewo basi. Kuphika kwa pakati pa usiku gwero lake ndi lomwelonso: munthu wakhala chiimirire maola asanu akutsuka mbale za anthu ena, wafika ndi njala, agone osadya kuti iwe usamve mluzu?

Unandiseketsa tsiku lina kuti wagwira liwu limodzi lachilankhulo chake chifukwa umalimva m'mawa uliwonse kudzera pakhoma, lakuti "tinnava", ndipo utamufunsa anati tanthauzo lake ndi "wadya?" Ndinaseka, kenako ndinakhala chete. Ine ndikakuimbira ndimayamba ndi chiyani? Mayi ameneyo sindinamuonepo, koma ndikumudziwa. Amaika foni pafupi ndi mtsamiro ngati ine, ndipo tsiku limene mwana wake sanaimbe, nayenso sadya bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti iyeyo amaimbiridwa tsiku lililonse, pamene ine ndimadikira Lamulungu, nthawi zina Lamulungu lake n'kudumpha. Ndangonena, sindikudandaula.

Ukukumbukira mu Okotobala tikulankhula pavidiyo, iye anadutsa kumbuyo kwako atanyamula poto, n'kubwerera kudzandipatsa moni? Ananditchula "Aunty", manja ataphatikiza pachifuwa, maso pansi. Ndinamufunsa chimene ankaphika, iye n'kupendeketsa potoyo kuti ndione. Munali phala lachikasu lolimbirako, pamwamba pali mafuta ndi timbewu takuda ndi tsabola wofiira wouma. Anati kwawo amati "pappu", ndipo amadyera mpunga pafupifupi tsiku lililonse. Nditamuuza kuti andionetse paketi yake, ndinaona timagawo tachikasu tosendedwa khungu, ndipo ndinazindikira pompo. Mwananga, uja ndi nandolo. Nandolo yemweyu amene unkadana naye uli mwana ukuti amanunkha fumbi, amene ndinkakutuma kukamenya pamkeka ndi ndodo mu Ogasiti. Kumeneko amamuumitsa, kumusenda, kumugawa pakati, n'kumutcha "toor dal". Ukadzapita kumasitolo a ku Pollokshields kumene iye amakagula, udzayang'ane bwino mapaketiwo, chifukwa ena amalembedwa dzina loti Malawi.

Ndikhalepo pang'ono pa nandoloyu, chifukwa iweyo unali ku koleji pamene zinkachitika ndipo mwina sunazione bwino. India ndiye amadya nandolo wambiri padziko lonse, ndipo amene amalima okha sawakwanira. Mvula itavuta kwawo zaka ziwiri zotsatizana, mu 2016 mtengo kuno unakwera moti mavenda ankatipeza m'munda ndi masikelo awo, kukanganirana thumba limodzi. Malata a nyumba ino ena anachokera pamenepo, fizi yako ya chaka chachiwiri inachokeranso pamenepo. Chaka chotsatira aliyense ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba anadzala nandolo mpaka m'mphepete mwa msewu. Ndiye kwawo anakolola zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lawo linaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo unagwa ngati nyumba yachiswe. Matumba athu anakhala pabalaza mpaka anankafumbwe kuyamba kuimba. Mu 2021 maboma awiriwa anasainirana pangano loti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, m'pamene tinayambanso kupuma. Choncho pamene mluzu uja ukulira katatu pakati pa usiku, dziwa kuti miphika ngati imeneyo, yolira m'nyumba zosawerengeka za kwawo, inathandiza kukulipirira sukulu. Sindikuti umuthokoze iyeyo. Ndikungofuna udziwe fungo limene lili pajekete lakolo kuti lachokera kuti.

Tsiku lomwelo anandionetsa botolo limene mayi ake anamulongedzera, atalikulunga m'mapulasitiki atatu kuti lisatayikire m'sutikesi. Anati ndi masamba owawasa otchedwa "gongura", osinja ndi tsabola ndi mafuta, ndipo anthu a kwawo akasowa amenewa amaona ngati sanadye. Ataonetsa chithunzi cha mbewu yake pafoni, ndinaitana bambo ako kuti adzaone: ndi chidede, chomwe chija chimamera kuseri kwa bafa. Bwemba amathira m'ndiwo, therere amakazinga, zitheba za chamwamba amaziphika m'msuzi pamene ife timangodya masamba ake. Munthu amene ukumuona ngati wachilendo kwambiriyo, ukamubweretsa kuno akhoza kuzungulira nyumba yathu n'kupeza chakudya chamasana osafunsa aliyense.

Tsopano za Limbe, kumene mawu ako aja anabadwira. Atsibweni ako anagwira ntchito musitolo ina ya nsalu zaka khumi ndi chimodzi. Madzulo alionse ankasechedwa pakhomo ngati wakuba, matumba a buluku kutembenuzidwa anthu akuona. Nsima ankadyera kuseri, pafupi ndi ngalande. Atadwala miyezi iwiri anapeza pamalo pawo pali munthu wina, ndipo chimene anapatsidwa sichinakwane n'kugula njinga yomwe. Zimenezi zinachitikadi, ndipo sindikuzifufuta. Ndinkazinena pakhomo pano inu muli ana, ndipo ndinkazinena monga mmene wanenera iwemu, kuphatikiza mtundu wonse m'thumba limodzi. Akuluakulu amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, koma mwambi umenewu ndi wa nsomba za mudengu limodzi. Mnyamata wako sanakhalepo m'dengu limenelo.

Amalonda ambiri amene tinawazolowera kuno makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, nthawi ya atsamunda. Anali ndi masitolo mpaka m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi, kufikira m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linawalamula kuti achoke kumidzi azikachita malonda m'mizinda yokha, ndipo ambiri anangopitirira ulendo wa ku Britain, makamaka ku Leicester. Anatisiyira samusa, chapati ndi achali, ndipo ngakhale ndalama yawo inalowa m'chilankhulo chathu kalekale: suja m'Baibulo lakale lija antchito a m'munda wamphesa analipidwa "rupiya latheka"? Koma Guntur ili mbali ina, chakum'mawa, m'chigawo cha Andhra Pradesh, makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Gujarat. Chilankhulo chake ndi Chitelugu, cholankhulidwa ndi anthu oposa 80 miliyoni, kuchulukitsa Amalawi tonse pafupifupi kanayi, ndipo zilembo zake n'zosiyana ndi za Chigujarati. Mwini sitolo uja ndi mnzakoyo atakumana, akhoza kumvana m'Chingerezi ngati mmene ukumvanirana naye iwe. Dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, lokhala ndi zilankhulo 22 zolembedwa m'malamulo ake, iwe ukuliweruza ndi sitolo imodzi ya nsalu.

Ine chimene chinandichotsa khungu m'maso ndi ulendo wa kuchipatala ku Delhi ndi bambo ako mu Novembala 2019. Zambiri za ulendo umenewu sindinakuuze, chifukwa unali ndi mayeso ndipo tinkabisa kuti zinthu zinafika poipa. Ndinakwera ndege ku Addis Ababa mtima uli ndi atsibweni ako. Mzindawo tinaupeza uli mu utsi wokhawokha, dzuwa likuoneka ngati mbale yadothi, mpaka boma linatseka sukulu masiku angapo. Ndipo sindikunamiza kuti zonse zinali zokoma. Mumsewu anthu ankandiyang'ana mpaka kutembenuka, mayi wina anandigwira tsitsi osapempha, ndipo woyendetsa kanjinga kamoto ka matayala atatu anandilipiritsa katatu mtengo wake ataona kuti sindidziwa njira. Sabata yachiwiri ndinali nditaleka kudya. Chakudya cha kumene tinkagona chinkandiwotcha pakamwa, ndipo bambo ako anali m'chipinda cha odwala kwambiri.

Namwino wina wa usiku, kamtsikana kochepa thupi kovala kamtanda m'khosi, anandipeza ndikuwodzera pabenchi. Anandifunsa ngati ndadya. Ndinanama. Mawa lake anabwera ndi kachitini ka zipinda ziwiri, n'kundikokera kukona ya masitepe kumene ankadyera anzake. Nditatsegula ndinapeza chinangwa chophika, chofewa, ndi nsomba ya msuzi wofiira. Chinangwa, mwananga, ku Delhi! Ndinadya ndi manja misozi ikugwera momwemo. Anandiuza kuti kwawo ndi ku Kerala, kum'mwera kwenikweni, kumene chinangwa ndi nsomba ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kuti akafike kwawo ankakhala m'sitima masiku awiri usana ndi usiku, ndipo ankapita kamodzi pachaka. Chihindi cha ku Delhi anachita kuphunzira atafika, ndipo odwala ena ankamuseka kalankhulidwe. Anali mlendo m'dziko lake lomwe. Ndalama zake zambiri ankatumiza kwawo kubweza ngongole ya sukulu ya unamwino. Kwa masabata atatu ankandigawira chakudya chake, ndipo tsiku lotuluka nditafuna kumupatsa kangachepe anabisa manja kumbuyo. Ndinamusiyira chitenje changa cha Mvano, n'chimene analandira.

Nditabwerako sindinanenenso mawu aja pakhomo pano. Koma iwe unali utachoka kale, unapita nawo.

Za hita, ukunena zoona kuti kuzizira kwa kumeneko si kosewera nako, ndipo sindikufuna udwale chifuwa chifukwa choopa kulankhula. Koma uyambe wadziwa chifukwa chake amazimitsa. Iwe unapita pa sikolashipu. Fizi analipira ena, ndege analipira ena, ndipo mwezi ukatha ndalama imalowa yokha. Iye unandiuza kuti fizi yake yokha inaposa mapaundi 20,000, kuwonjezapo mapaundi 776 pachaka amene wophunzira wochokera kunja amalipiriratu kuti azithandizidwa kuchipatala, ndiye lendi ndi chakudya. Ndalama zimenezi bambo ake anakongola kubanki, chikole chake ndi munda. Guntur ndi kwawo kwa tsabola, msika wake wa tsabola wouma ndi umodzi mwa ikuluikulu mu Asia monse, ndipo mlimi wa tsabola amakhala ngati mlimi wa fodya wa ku Kasungu: chaka china aseka, chaka china mtengo umugwetsa pansi ngongole ya feteleza ndi mankhwala ili chiimire. Mnyamatayo akamayang'ana mita ya gasi ikuyenda, amaona munda wa bambo ake ukudyeka m'mphepete. Lamulo limamulola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Akamaliza ali ndi zaka ziwiri za viza yofunira ntchito, ndipo m'zaka ziwirizo ayenera kupeza kampani yomulemba, apo ayi abwerera kwawo ndi digiri m'manja, ngongole pamutu. Iwe ukamaliza ubwerera kuntchito yako imene akukusungira. Mumagona m'nyumba imodzi koma tulo tanu n'tosiyana.

Ndiye chita chonchi. Usamulembere kapepala n'kumata pafiriji ngati mmene unachitira, zimenezo n'zamwano ngakhale kuno. Mupeze Lamulungu masana, pamene sali wotopa, mukhale pansi ndi bilu ya gasi pakati panu. Mugwirizane maola oyatsa, m'mawa pang'ono ndi madzulo. Ngati iwe ukufuna kutentha kopitirira apo, uuze kuti gawo lowonjezeralo ulipira ndiwe, ndipo unene mosamuchititsa manyazi, ngati nkhani ya thupi lako lozolowera dzuwa la ku Phalombe. Kwawonso n'kotentha kuposa ku Nsanje, usaganize kuti iye sakuzizidwa. Akungopirira atavala majuzi awiri.

Za kiriketi ndiye wandipeza ndilibe mbali, chifukwa masewero amenewo sindiwamva mutu wake. Ku Delhi ndinkaona ana akusewera m'kanjira kalikonse, njerwa atazisanja m'malo mwa timitengo, ndipo pa wodi TV ikaonetsa masewerowo ngakhale odwala ankadzuka. Mlongo wako wandifufuzira kuti timu ya India ili ku Australia mpaka Januwale, ndipo masewero a kumeneko amayamba kwanuko kuli usiku, ena 2 koloko, ena 4 koloko m'bandakucha. Akutinso masewero amodzi amatha mpaka masiku asanu, zimene ine ndikuona ngati nthabwala. Pamenepa ulankhule naye mosapita m'mbali: munthu sakuwa m'nyumba anzake ali m'tulo, avale zomvera m'makutu, akafuna kukuwa alume pilo. Koma usaiwale kuti ndiwe yemwe unathyola mpando wa bambo ako tsiku limene Flames inagoletsa Morocco chigoli chija cha kutali mu Januwale 2022, ndipo oyandikana nafe anabwera akuyesa kwagwa maliro. Usiku umodzi udzadzuke ukhale naye, umufunse akufotokozere malamulo ake. Mwina sudzamva kanthu, koma munthu woonera yekha masewero a kwawo ali kutali amakuwa kwambiri chifukwa palibe womugwira paphewa.

Pa chiwaya ndiye walakwa ndiwe, ndipo upepese. Anakuuza tsiku loyamba kuti nkhuku ndi nsomba amadya koma ng'ombe ayi, ndipo Loweruka sadya nyama iliyonse chifukwa cha chipembedzo chake. Iwe unakulira pakati pa anthu otani? Anzathu Achisilamu a kutsidya akabwera pa ukwati timawapatulira miphika ndi wozinga mbuzi wawo, ndipo palibe amafunsa chifukwa. Azakhali ako a Sevenide sadya mlamba, ndipo ndili ndi poto amene mlamba sunalowemo chifukwa cha iwo okha. Unaona ndikukangana nawo za Levitiko? Chiwaya chimene unadetsacho mwina anachinyamula kuchokera kwawo m'sutikesi, m'malo mwa nsapato. Pita ukagule chako, ndipo iye umugulire china chatsopano ngati akuona kuti chakalecho sangaphikirenso. Ndalama yake si yoti ungalire nayo.

Za fungo, ndikufunse funso limodzi. Usipa uja ndinakutumizira mu Seputembala, umaukazinga kuti? Unayamba wamufunsa kuti iye amaumva bwanji ukamanunkhira m'makatani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwananga, ndipo fungo la kwanu sulimva chifukwa ndi lako. Iye sanakudandaulepo. Jekete uzilipachika kuchipinda n'kutseka chitseko, windo la kukhitchini muzitsegulako pophika nonse awiri, nkhani yatha.

Pali china chimene sunachiike pa madandaulo ako koma unachitchula modutsa mwezi watha, ndipo chakhala chikundiwawa. Unati pa chikondwerero chawo cha Diwali, kumapeto kwa Okotobala, anayatsa timakandulo pawindo, anavala malaya ake aatali, n'kugogoda pachitseko chako ndi mbale ya zotsekemera. Iwe unalandira, unathokoza, n'kutseka chitseko chifukwa unali ndi asainimenti. Taganiza Khirisimasi ikubwerayi, yoyamba kukhala wopanda ife, dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane, iwe utaphika mpunga ndi nkhuku, n'kugogoda pachitseko cha munthu yekhayo amene uli naye, iye n'kulandira mbale n'kutseka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mawa lake latsala masabata awiri ndi theka.

Mwayi ulipo wokonza. Pakati pa Januwale, pa 14, kwawo kuli Sankranti, chikondwerero cha zokolola, chimene kwa anthu a ku Andhra n'chachikulu kwambiri. Anthu a m'mizinda amabwerera kumidzi, amayi amajambula maluwa a ufa pakhomo, ng'ombe amazikongoletsa, mpunga watsopano amauphika ndi mkaka ndi shuga wa nzimbe. Kwa mwana wa mlimi, limenelo ndi tsiku limene mtima udzakhala uli kwawo thupi lili ku Glasgow. Mwezi umene ukuti usamukewo ndi womwewo. Ine ndikuti usasamuke. Pa Khirisimasi umuitane, umuphikire nsima ndi nkhuku, umuphunzitse kutema ndi kukonza mbamu m'manja. Sadzavutika, kwawo amadyanso ndi dzanja lamanja. Ndipo pa 14 udzamufunse kuti ugule chiyani, ukhale naye patebulo mpaka mbale zitatha. Ukadzafika mwezi wa Marichi zinthu zili chimodzimodzi, hita akuzimitsabe mutagwirizana, tulo akukusokonezabe, udzasamuke ndipo ine sindidzanena kanthu. Koma udzasamuke chifukwa cha zochita za munthu mmodzi amene unayesa kukhala naye bwino zinakanika, ndipo podzandiuza udzatchule dzina lake, mtundu wake udzausiye.

Pokhala naye bwinopo usapitirire muyeso, paja ndimakudziwa, ukakonda munthu umavula ndi malaya omwe. Ndalama musakongozane. Akasowa, mugawire chakudya, mulipirire basi, koma ngongole ya mapaundi pakati pa anthu ogona nyumba imodzi imawononga zonse. Ndipo anzake ena akadzakuuza za ganyu wolipidwa pamanja wopitirira maola ololedwa, ukane, ndipo iyenso umuletse ngati amakumvera. Akagwidwa viza imathetsedwa, munda uja n'kupita. Iwenso mapepala a sikolashipu yako uwerenge bwino zimene amalola usanagwire ntchito iliyonse.

Unanenanso moseka kuti mayi ake ayamba kumutumizira zithunzi za atsikana kuti asankhepo, ndipo iye amangoti aone kaye za ntchito. Usamuseke kwambiri. Kwawo ukwati makolo amalowererapo kuyambira pachiyambi, ndipo mnyamata wa ngongole amadziwa kuti nkhani imeneyo ili ndi masamu ake. Komanso azakhali ako akhala akundifunsa za mwana wa a kwaya uja amene anamaliza unamwino ku Malamulo, ndiye usadzione ngati wapulumuka.

Mwana wa abusa akunyamuka pa 19 kubwerera ku Edinburgh, ndipo wavomera kukutengerako kathumba. Ndaikamo ufa woyera makilogalamu atatu, usipa pang'ono, ndi chidede chouma chimene ndinafutsa chaka chino. Ndaikamonso nandolo wa m'munda mwathu, wosankha bwino, m'botolo lomata. Ameneyo si wako. Umupatse mnzakoyo, umuuze kuti wachokera kwa Aunty a ku Phalombe, wosasenda, aone yekha mmene amaonekera asanafike kufakitale. Akafuna kuphika mwa kwathu, umuuze anyike usiku wonse, aphike ndi tomato ndi anyezi basi, tsabola wake wa ku Guntur athire m'mbale mwake. Ukakumane naye mwana wa abusayo pa siteshoni, usamuvutitse kuti akupeze, ndipo umubwezere ya sitima.

Bambo ako akuti undiuze ngati nsapato zija zikulowa madzi. Lamulungu likubwerali uimbe 2 koloko ya kwanuko, tidzakhala titabwerako kutchalitchi, ndipo mnzakoyo akakhalapo umuitane ndimupatse moni.

Ndine mayi ako.